Apongozi a Kuseri kwa Mpanda

Eneless anayamba ndi kuswa makapu. Kapu yoyamba anthu anaseka, yachiwiri mwamuna wake Mateyo anatukwana, koma itasweka mbale yadothi ya alendo palibe amene ananena kanthu, chifukwa aliyense pa Chinyunyu anali atakumbukira bambo ake a Eneless. Mkulu uja, a Nyendwa, anamwalira atamangidwa ndi luzi pa mzati wa khonde, akugwedeza mapewa ndi kupotoza khosi ngati munthu womva ng'oma imene ena sakuimva. Matendawo anthu ankangowatcha gule. "Gule wa kwa Nyendwa wabwerera," ankatero amayi pachitsime, ena nkumayeserera ndi mapewa mtsuko uli pamutu. Mateyo anapita ku Kabwe kukafuna ntchito ya pamgodi, ndipo akuifunabe mpaka lero.

Abale anamusambitsa Eneless m'madzi otentha otumphuka pansi pafupi ndi mudziwo mpaka khungu linasupuka. Anamutemera mphini msana wonse. Pomaliza anamutengera ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya, kumene dokotala anamuuza zoona zokhazokha: mankhwala kulibe, matendawa amayenda m'magazi, mwana aliyense wa wodwala akhoza kuwatenga kapena kuwalewa, ndipo sadziwika mpaka munthu atakula nkubereka ake. Masiku ano anthu ophunzira amadziwa zambiri. Amati thupi limapanga timaulusi totchedwa mapuloteni, ndipo kalikonse kamayenera kupindidwa m'njira yakeyake kuti kagwire ntchito. M'banja la a Nyendwa kamodzi kamabadwa kotalika mopitirira, kamapindika molakwika, nkumamatirana ndi tinzake, kuunjikana pang'onopang'ono mpaka mbali ya ubongo imene imaletsa thupi kugwedera itafota. Koma izi zinali m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene sopo ndi shuga zinkapezeka pamzere, ndipo pa Chinyunyu kafotokozedwe kanali kafupi: mkazi uja akuvina.

Mutu wa Eneless unali bwinobwino, ndipo ndicho chinali chowawa. Ankamva zonse ndi kukumbukira zonse. Manja okha, miyendo, khosi ndi lilime ndi zimene zinali zitamugalukira.

Anali ndi mwana mmodzi, Rosina, mtsikana wogulitsa nthochi ndi chimanga chowiritsa pamsewu waukulu wopita kum'mawa. Rosina ndiye ankamudyetsa phala, kumusambitsa ndi kumuchapira nsalu kuyambira ali kamtsikana kosatha msinkhu. Anyamata a m'midzi yozungulira ankamuyang'ana Rosina, nkuyang'ana khomo la amake, nkumeza malovu, ulendo. Ndani angafune kubereka ana ovina? Eneless ankadziwa kuti mwana wake sadzakwatiwa ndi munthu aliyense amene anaonapo mayi wake, ndipo chinthu chimodzi chimene ankafuna asanafe chinali chakuti Rosina achoke pa Chinyunyu ali mkazi wa munthu.

Mwayi unabwera ndi basi yofa. Inafera pamsewu ikuchokera ku Petauke, ndipo podikira makaniko, kalaliki wina wa ku Lusaka, dzina lake Oswell, anagula nthochi zambiri kuposa zimene munthu mmodzi angadye. Anabweranso kumapeto kwa mwezi, basi ili yamoyo. Kenaka anatumiza nkhoswe.

Nkhani ya ukwati ndi ya malume, choncho inafika kwa Yoram, mchimwene wake wa Eneless, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Yoram ndiye ankagawa makadi a chipani, ndipo wopanda khadi sankagulitsa pamsewu kapena kulembedwa pa feteleza. Ankayenda atavala suti ya safari, manja onse m'matumba, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anthu ankati ndi matama. Eneless ankadziwa kuti ndi mantha, poti magazi a a Nyendwa anali mwa iyenso, ndipo ankaopa kuti tsiku lina chala chidzamuyalutsa pamsonkhano. Mantha amenewo ndiwo ankamupangitsa kuti asathe kumuyang'ana mlongo wake kumaso.

Anabwera m'mawa wina, naima pakhomo osalowa.

"Iwe Eneless, umve bwino. Amake mnyamata uja, a Leah, ni mkazi wochenjera. Atuma nkhoswe kufunsa ngati kwathu kuno kuli khunyu, khate, olo misala. Ine nalumbira kuti kulibe."

"Mwa... mwanama, achimwene," anatero Eneless. Mawu ankatuluka m'zidutswa, ena mokuwa, ena monong'ona.

"Nanama, inde. Ufuna nikawauze zoona? Mwana wako akalambire pamsewu na nthochi pamutu?"

Eneless anapukusa mutu, kapena mutuwo unadzipukusa wokha, Yoram sanafunse.

"Ndiye amake Rosina azakhala Estina, mkazi wanga. Iwe kulibe. Siunafe, siunadwale, kulibe chabe."

Bodza lotere kwina likanaululika tsiku lomwelo, koma mwambo ndiwo unalisunga. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Mkamwini akafika pakhomo amanjuta patali, maso pansi, ndipo apongozi amayankhira m'nyumba. Choncho Oswell, mnyamata woleredwa bwino, ankabwera ndi kugwada pabwalo la Yoram, chipewa m'manja, nkumapereka moni kwa chitseko. Kuseri kwa chitsekocho Estina ankayankha ndi mawu onona ngati batala. Eneless ankakhala atatsekeredwa m'nyumba yake kumapeto kwa mudzi, akudziluma pa dzanja kuti asabuule. Oswell anatumiza bulangeti la mayi wobereka, lofiira, la mizere, ndi chitenje chatsopano. Estina anafunda bulangetilo nyengo yonse yozizira, ndipo sanachite nalo manyazi ngakhale pang'ono, analiyanika pachingwe pomwe Eneless ankaliona.

Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unatseka pakamwa. Ena ankamufunira Rosina zabwino, tisawanamizire. Koma ambiri ankafuna khadi, feteleza ndi nyama ya ng'ombe imene Yoram analonjeza kupha.

Tsiku la ukwati, dzuwa lisanakwere, Yoram anamukweza Eneless pa wilibala nkumuperekeza ku msasa wa kudimba, kutsidya kwa kamtsinje. Rosina sanabwere kudzatsanzika. Anali kale m'manja mwa alangizi, akumuveka. Womulondera Eneless anali Ketrina, mkazi wamasiye wa khomo loyandikana nalo, amene analonjezedwa mwendo wa mbuzi. Ketrina anapirira mpaka ng'oma zitayamba. Kenaka anayamba kuyang'ana kumudzi ngati galu womva fungo la nyama.

"Nipite chabe nikatenge madzi, amake Rosina. Musayende, ka."

Anaseka yekha ndi mawu akewo, chifukwa ankaganiza kuti munthu wotero sangafike patali. Anatenga chigubu chopanda kanthu nkuchisiya pa khomo la msasa.

Eneless anakhala, akumvetsera. Anamva lole ya alendo ikubwera kuchokera kutchalitchi, hutala ikulira. Anamva nthungululu, ndipo pakati pa nthungululuzo anazindikira ya Estina, yaitali, yonyada, ya mayi wa mkwatibwi. Anadziuza kuti zili bwino, ndi zimene anavomera. Anadziuzanso kachiwiri. Koma mtima wa mayi ndi wouma khosi. Sankafuna nyama, sankafuna mpando, sankafuna kuti wina amudziwe. Ankangofuna kuona diresi loyera lija lili pathupi la mwana wake, kamodzi kokha, kudzera pa kabowo ka mpanda, kenaka nkubwerera ku msasa Ketrina asanakhute.

Anayenda. Kuyenda kwake kunali kwa munthu wowoloka pa mlatho wa mtengo umodzi, phazi kutsogolo, chiuno kumbali, dzanja kumwamba. Anagwa mumtsinje nanyowa mbali imodzi, matope mpaka m'tsitsi. Anadzuka, nadutsa m'mapesi a chimanga, nafika kuseri kwa mpanda waudzu umene Yoram anamanga kuzungulira bwalo lake chifukwa cha tsikuli. Anagwada, nagwira nsichi ndi manja onse awiri, nasuzumira.

Rosina anali pamphasa, pansi pa mthunzi wa masaka, pambali pa mwamuna wake. Anakhala monga alangizi amaphunzitsira: miyendo yotambasula, manja pamiyendo, mutu wowerama, osaseka, osayankhula, osayang'ana munthu, mpaka a kuchimuna atamutsegula pakamwa ndi mphatso. Sankagwedera ngakhale chala. Eneless anayang'ana manja aja, odekha ngati a chifanizo cha m'tchalitchi, ndipo chimwemwe chinamudzaza mpaka pakhosi. Anali wokongola mwana wake. Anali wokongola, ndipo anali bata.

Koma matenda amenewa amadana ndi chimwemwe. Mtima ukathamanga, thupi limalusa. Manja a Eneless anayamba kukoka nsichi, mapewa kumenya udzu, ndipo mpanda wonse wa mbali imeneyo unayamba kugwedezeka ngati muli mbuzi yokodwa. Anafuna kuusiya, zala zinakana. Nsichi inazuka, chigawo cha mpanda chinagwera mkati, ndipo Eneless anagwera nacho pamodzi, pamaso pa ukwati wonse.

Anadzuka, poti kugona pansi kunali koipa koposa. Ndipo ataima, thupi linachita zake. Khosi linapotoka, chiuno chinagwedera, dzanja linaponyedwa kumwamba, phazi linaponda fumbi. Oimba ng'oma anali anyamata aganyu ochokera ku Rufunsa, osadziwa kanthu. Ataona mayi wamatope akuvina chotero anakuwa ndi chisangalalo nawonjezera moto.

"Aha! Ba mbuya bafika, ba gogo bathu!" anafuula mnzake wina wa Oswell, wa tayi yofiira. "Ba mbuya bamwa kudala, baledzela kale! Tiyeni nabo!"

Alendo a ku Lusaka anaimirira, akuomba m'manja. Anamuzungulira. Anthu a pa Chinyunyu anakhala chete, nyama ili m'kamwa. Yoram anaima pafupi ndi tebulo, manja m'matumba, nkhope itauma, osadziwa ngati kumugwira mlongo wake sikuulula zambiri kuposa kumusiya.

Tsono Oswell anali atamwa pang'ono, ndipo anali mnyamata wa mtima wabwino, wofuna kuonetsa akuchikazi kuti sanyoza anthu akumudzi. Paja amati safunsa anadya phula. Anadzuka pamphasa, navula jekete, nalowa m'bwalo akuseka.

"Manje ba mbuya bavine beka? Iyayi! Ine ndine mwine wa ukwati!"

Anamugwira m'chiuno.

Mkamwini amene anagwada pa fumbi miyezi yonse ija kuopa kuona ngakhale chidendene cha apongozi ake, anawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, pamaso pa mudzi, nayamba kuwatsanzira. Eneless akaponya phewa, iye nkuponya lake. Khosi likapotoka, iye nkupotoza lake, lilime kunja, anzake nkumagwa ndi phwete. Anamva fungo la mowa ndi mafuta a tsitsi la mnyamatayo. Anayesa kutembenuza nkhope monga mwambo ufunira, koma khosi linaibweza nkuiika pafupi ndi ya mkamwini wake. Manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku limene Mateyo anachoka.

Amayi achikulire a pamudzi anagwira pakamwa. Mmodzi anaphimba kumaso ndi mpango. Zoterezi ndi malaulo, ndipo aliyense ankadziwa. Zikanatheka kuti wina aimirire, amuchotse mnyamatayo mwaulemu. Koma Estina, atavala chitenje cha mayi wobereka, anayang'ana uku ndi uku, naona kuti chete uja ndiye awagwiritse, ndipo anaseka. Anaseka mokweza, akudzimenya pantchafu. Ketrina, mafuta a mbuzi ali pamilomo, anamuthandiza. Kenaka mudzi wonse unaseka, anthu amene Eneless anawalimira pa dima, amene anawasungira ana, amene analira nawo maliro. Poyamba ankaseka kuti abise bodza. Posakhalitsa ankangoseka chifukwa zinali kuwakomera.

Mmodzi yekha sankaseka, a Leah, amake Oswell. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wogulitsa nsomba zouma mumsika wa ku Matero, wozolowera kununkhiza katundu asanagule. Anayang'ana mkazi wovinayo, mphumi yake yotakata, mpata wa mano ake akutsogolo. Anatembenuka nayang'ana mkwatibwi. Anayang'ananso Estina, amene nkhope yake inali yozungulira ngati chitumbuwa, yosafanana ndi mtsikanayo paliponse. Anakweza dzanja, ng'oma zinaleka.

Oswell anamusiya Eneless akupuma wefuwefu. Ng'oma zinali zitaleka, koma Eneless sanaleke. Anapitiriza kugwedera pakati pa bwalo, yekha, popanda nyimbo, ndipo kuseka kunayamba kuzima. Woledzera amaleka ng'oma ikaleka. A Leah anaona zimenezo.

Sanafunse Yoram, ankadziwa kuti tcheyamani ali ndi yankho lokonzeratu. Anatenga mpango watsopano m'chikwama, napita pamphasa, nagwada, nauika pamiyendo ya mkwatibwi. Imeneyo ndiyo inali mphatso yotsegula pakamwa, ndipo mawu oyamba a mkwatibwi ayenera kumveka kwa onse.

"Mwana wanga, nakutsegula pakamwa. Niuze. Aba bamayi ni bandani? Chifukwa mphumi yao na yako, monga ni imodzi."

Eneless ankamudziwa mwana wake, mwana amene ankamupukuta phala pachibwano, amene anamenyapo mnzake ndi mtsuko chifukwa chomuyeserera amake. Anaopa kuti mtsikanayo alira, adzuka, amukumbatira, ndipo lole ija ibwerera ku Lusaka yopanda mkwatibwi. Anafuna kukuwa kuti kana, mwanawe, kana! Lilime linangogubuduka m'kamwa, kunatuluka kubuula.

Rosina anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anawayang'ana amake kuyambira kumapazi amatope mpaka kutsitsi. M'maso mwake munalibe msozi.

"Ni wofuntha wa pamsewu, wamisala, amama," anatero kwa a Leah, mawu ake osalala, aulemu. "Anasiyidwa na basi kalekale. Sitidziwa na kwao. Amalume amamupatsako zotsala chifukwa cha chifundo."

Amama. Mawuwo anapita kwa mayi wa magalasi, amene Rosina anamudziwa dzulodzuloli. Eneless anawamva akumudutsa. Komabe mumtima anati, wachita bwino, zakwana, leka pomwepo. A Leah anali atayamba kale kugwedeza mutu movomera, chifukwa mtsikana amene akunama pa mayi ake omubereka amanjenjemera mawu, ndipo uyu sananjenjemere.

Koma Rosina sanaleke.

"Amalume, muchotseni. Anthu akudya. Amadziipitsira uyu, anunkha."

Zimenezo palibe anamufunsa. Ukwati unali utapulumuka kale. Mawu amenewo sanachokere kwa Yoram kapena kwa alangizi, anali akeake a Rosina, ndipo Eneless anazindikira kuti mwanayo anawasunga zaka zonse zimene ankachapa nsalu za amake kumtsinje, anzake ali kusukulu. Anawanena mopepukidwa, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Mwamumva mulamu wathu?" anafuula wa tayi yofiira uja. "Akamba monga mukazi wa mu tauni kudala!"

A Leah anaseka tsopano, namukumbatira mkwatibwi. Estina anayambitsa nthungululu, amayi onse nalandira, ng'oma zinabwerera. Yoram anatulutsa dzanja limodzi m'thumba, nakodola amuna awiri amene ankamunyamulira mbendera pamisonkhano. Anamugwira Eneless m'khwapa uku ndi uku, mapazi ake akukokeka m'fumbi. Oswell, ndi mtima wake wabwino uja, anathamangira ku tebulo natenga mwendo wa nkhuku, naukankhira m'dzanja la mayiyo.

"Tengani, ba mbuya. Mwatisekesa maningi."

Dzanja linauponya pansi, galu nautola. Pamene ankamutulutsa pa mpata umene iye mwini anagwetsa, khosi linamutembenuzira kumphasa. Rosina anali akumwetulira, a Leah akumumanga mpango watsopano kumutu, ndipo sanayang'anenso kumpanda. Eneless anafuna kulira, kulira kwenikweni kwa mayi woferedwa. Koma nkhope yake inali itasiya kalekale kumumvera. Milomo inakokekera m'mbali, mano onse poyera, ndipo a Leah, amene anacheuka nthawi yomweyo, anamuloza ndi chala.

"Onani, naye wofuntha akondwela," anatero, nabwerera kwa mpongozi wawo.